Zija ndinafunsa mwezi watha, za ine ndi bambo akunyumba

Ndabweranso, ine wa ku Salima uja. Paja ndinafunsa za kagonedwe kabwino ndikavala chidole chomangira lamba n'kumalowa kumbuyo kwa amuna anga, poti ulendo woyamba tinayesa chogwada ndipo anamva kuwawa.

Chatithandiza n'kugona chammbali, iwo atapinda mawondo, ine kumsana kwawo. Akakhala pamwamba zimayendanso bwino, amadziyezera okha kuya ndi liwiro. Koma nkhani yaikulu inali mafuta. Kumeneko sikunyowa kokha ngati kwathu akazi, ndiye tinagula KY Jelly kufamase. Vaseline ayi ndithu, amang'ambitsa kondomu imene timaveka chidolecho. Timayamba ndi chala, pang'onopang'ono, ndipo akangoti "taimani" ndimaima pomwepo. Tikatha, chidolecho ndimachitsuka ndi sopo ndi madzi ofunda.

Chogwada tachisiya kaye, kaya m'tsogolomu.