Thandizeni abale, AC ya Sienta ikuzizira ndikamathamanga pokha, ndikaima ikutulutsa moto

Moni nonse pagulu pano makamaka amakaniko. Ndili ku Zomba, galimoto ndi Toyota Sienta ya 2009 injini 1NZ, ndimanyamula anthu Zomba Liwonde komanso ma hayala. Ndikakhala pamsewu, tinene kuchoka pa Chinamwali kudutsa Songani mpaka Domasi, AC imazizira bwinobwino mpaka ena kumati adalaivala chepetsaniko. Koma ndikangoima pa siteji kapena pamzere wa mafuta sipatenga nthawi mphepo imayamba kufunda kenako yotentha zedi, ndikanyamuka ndiye imabwereranso pang'onopang'ono.

Ndinapita kwa mkulu wina mtauni muno anati gasi watha, anangolumikiza paipi nkuthira osayeza chilichonse, vuto lili pomwepo ndipo pano akuti kompresa, pampu yokankha gasi wa AC ija, yafa ndigule ina. Ine mtima ukukana, kompresa yakufa ingaziziritse bwanji pamsewu? Ndatsegula boneti injini ikulira, ndikadina batani la A/C ndimamva "tcha" mbale yakutsogolo kwa kompresa ija nkuyamba kuzungulira koma pakapita kanthawi imasiya, kenako kuyambanso, choncho basi. China, kapeti ya mbali ya pasenja ikumanyowa pansi pa dashibodi.

Kutentha kwa ku Liwonde October uno mukukudziwa nokha, ndimakweza agogo ndi amayi a makanda ndipo zimandimvetsa chisoni kuwaona ali thukuta kamukamu. Ndisanataye ndalama ndiyambire pati?

Ankolo Makaniko: Achimwene kompresa musagule kaye. Ikanafa sikanazizira ngakhale pamsewu. Kutsogolo kwa rediyeta kuli chinzake chopyapyala, kondensa, ndi pamene gasi amatayira kutentha. Mukamathamanga mphepo yakunja imaiziziritsa yokha koma mukaima ntchito yonse imatsalira fani, ndiye fani ikapanda kuzungulira presha imakwera ndipo pali ka switch kamene kamadula kompresa kuti zinthu zisaphulike, nchifukwa chake mukuona ikusiyasiya. Lizani injini, yatsani AC, muyang'ane ngati fani ikuzungulira mwamphamvu. Manja kutali chonde. Ngati ili du yambani ndi fyuzi ndi relay mu kabokosi kakuda mu boneti, zikakhala bwino ndiye kuti ndi mota wa faniyo.

Wa ku Matawale: Kuonjezera pa ankolowa, kondensayo itsukeninso. Yanga inadzadza fumbi, tizilombo ndi timaudzu moti kuwala sikumaoneka mbali inayo. Madzi a paipi wamba ndi okwana, osalola anyamata a pa car wash kuiwomba pafupi ndi makina a presha aja, timapiko take timapindika msanga.

Mayi a Mapasa: Ine chandiopsa ndi kuthira gasi osayezako. Gasi wa AC satha ngati petulo, akachepa ndiye kuti pali pomwe akutulukira, ndipo akachulukanso presha imakwera kuzizira nkuchepa. Pansi pa boneti pamakhala sitika yolemba mtundu wa gasi ndi magalamu ake, magalimoto a zaka zimenezo ndi R134a. Muwafunse kuti anathira chani chifukwa ena amangotenga wa mafiriji monga R600a, ndipo ameneyu amayaka moto, inu mumanyamula anthu. Wodziwa ntchito amaika ma geji mbali zonse ziwiri, amakoka mpweya ndi vacuum pump kenako kuthira poyeza pa sikelo.

Mnyamata wa pa Mpondabwino: Man ingotsegulani magalasi, AC imadya mafuta, mmene avutiramu

Mwini funso: Zoona imadya aise koma wa hayala asanafunse mtengo amayamba wafunsa ngati AC ikugwira, ndipo msewu wa fumbi monga wopita ku Kachulu sungatsegule magalasi anthu atavala za ukwati. Mayi a Mapasa zikomo kwambiri, sitika ndaiona yalembadi R134a, chomwe anathira ndikawafunsa.

Ankolo Makaniko: Za kapeti zija ndi nkhani ina. AC ikamagwira imapanga madzi amene amayenera kudonthera pansi pa galimoto kudzera pa kapaipi ka labala, kakatsekeka ndi matope madzi amabwerera mkati. Kapezeni mukatsegule ndi kawaya kofewa. Koma muwanunkhize kaye madziwo, akakhala a mtundu, oterera m'zala komanso a fungo lotsekemera ndiye ndi coolant, madzi oziziritsa injini aja, akuchokera ku hita, pamenepo musachedwe. Ndipo poti muli pomwepo tulutsani glove box muone fyuluta yosefa mphepo ya AC ili kuseri kwakeyo, ambiri kuno chibwerereni galimoto kuchokera ku Japan sanaisinthepo. Potulukira gasi mumapadziwa ndi mafuta onyowa ogwira fumbi lakuda m'majointi a mapaipi, kapena pakani thovu la sopo muone ngati likufufuma.

Mwini funso: Ankolo ndangochoka pa galimoto pano. Fani sikuzungulira ndithu, fyuzi ili bwino, nditagogoda mota wake ndi chogwirira cha sikuludiraiva yazungulira mwaulesi nkuimanso. Madzi a pa kapeti ndi oyera alibe fungo. Ndiye mota ameneyu ndikonzetse kapena ndingogula wina wa second hand? Ndipo muno mu Zomba angapezeke kapena mpaka ku Limbe?

Ankolo Makaniko: Amenewo nthawi zambiri amakhala ma burashi atha. Wa zamagetsi a galimoto wodziwa amasintha, koma akatsegula nkupeza mkati mwapsa gulani wina, mutenge wakaleyo popita kuti mukafananitse pulagi ndipo amuyese pa batire muli pomwepo. Pakadali pano AC izimitseni ndipo musasiye injini ikulira mutaima, fani yomweyo ndi imene imaziziritsanso injini, nyali yofiira ya kutentha ikangoyaka imani pompo musanapsereze gasket. Za gasi mukayezetse fani ikakonzeka.