Za funso langa lija la maola a woyendetsa ndege

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati mphwanga, yemwe wangomaliza maphunziro oyendetsa ndege ali ndi maola 200 okha ouluka, angakwanitse kukhala wachiwiri kwa kaputeni. Ambiri munati maolawo ngochepa zedi.

Ndafufuza, ndiponso ndacheza ndi bambo wina wa ku Area 47 amene anapuma pantchitoyi. Ku America lamulo limafuna maola 1,500, ndipo linabwera ngozi ya ndege ya kampani ya Colgan Air itachitika mu 2009 pafupi ndi mzinda wa Buffalo. Koma tamvani: oyendetsa ndegeyo onse awiri anali atapyola kale maola amenewo. Cholakwika chinali chakuti liwiro litatsika, kaputeni anakoka chiwongolero m'malo mochikankha. Ku Ulaya achinyamata amayamba ndi maola pafupifupi 200, atakhetsa thukuta mu simulator (makina ophunzirira kuyendetsa ndege uli pansi), ndipo amauluka ndi kaputeni wozolowera.

Bambowo akuti iwo ankayang'ana khalidwe. Kodi mnyamatayo amawerenga checklist (mndandanda wa zoyenera kuonetsetsa m'ndege) mzere ndi mzere kapena amangolumpha? Angalimbe mtima kuuza kaputeni kuti walakwitsa? Kwa ife oleredwa ndi "inde bwana", apa mpovuta, ndipo mphwangayo ngwamanyazi kwambiri. Ndamuuza kuti tikambirane zimenezi Loweruka asanapite kukayesedwa ntchito.