Mizu ya duwa la orchid ikuola, nditani?

Mayi wa ku Namiwawa: Akuluakulu, orchid wa mtundu wa Phalaenopsis akufota masamba, mizu yada n'kufewa. Ali m'dothi lakuda losakaniza ndi manyowa. Chalakwika n'chiyani?

Wamaluwa wa ku Chigumula: Mayi, vuto ndi dothilo. Duwali kutchire limamera pamitengo, ndiye mizu yake imafuna mpweya. Lizuleni, mudule mizu yonse yofewa ndi lezala lomwe mwayamba mwaliwotcha pamoto, musiye yolimba yokhayokha. Pezani mphika wobowola pansi ndi m'mbali, muikemo magawo 3 a makungwa a paini ndi gawo limodzi la makala, zidutswa zokula ngati nsonga ya chala chamanthu. Manyowa ayi ndithu.

Mlimi wa ku Bangwe: Kathiriridwe nakonso. Mu Juni ndi Julayi kukagwa chiperoni makungwa sauma msanga, choncho thirirani m'mawa, kamodzi pa masiku 10 basi. Madzi akatsalira pakati pa masamba pukutani ndi kansalu, apo ayi mtima wa duwalo uola. Usiku lilowetseni m'nyumba, limavutika kukazizira pansi pa madigiri 15.

Wamaluwa wa ku Chigumula: Zoona achimwene. Masana likhale pakhonde loyang'ana kum'mawa, chifukwa dzuwa la Okutobala limatentha masamba. Feteleza adikire kaye mpaka mizu yatsopano ituluke.