Chikwama chothawira madzi akasefukira: ndiikemo chiyani?

Wa ku Kanyama, mu Lusaka: Akuluakulu, mvula yayandikira. Ndikufuna chikwama choti madzi akalowa m'nyumba ndingonyamula, ndikakhale nacho masiku atatu kutchire. Ndiyambire pati kuti chisandilemere?

Achimwene a ku Matero: Musapyole makilogalamu 10. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye nyamulani malita awiri okha, kabotolo ka klorini ndi kapoto ka aluminiyamu. Madzi akhale akuda bwanji, asefeni pachitenje kaye, chifukwa matope amafooketsa klorini. Mukawiritsa, abwadamuke mphindi imodzi yathunthu.

Amayi a ku Chawama: Zamchitini zisiyeni, mumangosenza chitsulo. Mtedza wokazinga ndi chiponde basi. Musaiwale kolera ya 2024. ORS (mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi mukatsegula m'mimba) akakutherani, pa lita imodzi thirani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. NRC (chiphaso cha unzika), ndalama ndi machesi muzikulunge m'mapepala apulasitiki awiri.

Achimwene a ku Matero: Tenti ayi. Pulasitiki wakuda wa mamita 3, chingwe cha mamita 10 ndi neti ya udzudzu zikwana. Bulangeti la thonje likanyowa siliuma msanga, tengani juzi ya fleece (nsalu yofunda youma msanga). Mabatire musawasiye mu tochi, amachucha n'kuwononga zitsulo zake.