Zithunzi za pa iPhone zikukana kutseguka, ukwati ndi Loweruka

Wa pafupi ndi depoti, Kasungu: Akuluakulu ndithandizeni. Kwabwera mayi ndi zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo, akufuna zina za mu album komanso chimodzi chachikulu cha pa banner ya ukwati Loweruka likubwerali. Anajambula ndi alamu awo a ku Joni pa iPhone nkutumiza pa WhatsApp ngati document, ndiye pafupifupi zonse zikuthera .heic, kompyuta yanga sikuzitsegula, pulogalamu yanga yakale ya Corel nayonso ikungokana. Mayiwo alipira kale theka. Nditani?

Mnyamata wa ku Santhe: Achimwene ingosinthani dzina kumapetoko mulembe .jpg basi, kapena muzitsegule pa foni muzipange screenshot

Mayi wa studio ku Nkhamenya: Ayi mwanawe, zimenezo usawaphunzitse anzako. Kusintha dzina kuli ngati kulemba mtedza pa thumba la soya, mkatimo muli soya yemweyo. HEIC ndi kasungidwe kena, Apple inayamba kuyigwiritsa ntchito mu 2017 kuti zithunzi zisamadye malo ambiri mu foni, ndiye fayilo imayenera isinthidwe zenizeni. Za screenshot nazo iwalani, imatenga kukula kwa screen ya foni yako basi, pa banner nkhope ya mkwatibwi idzatuluka timabokosibokosi ndipo mayiwo sadzabweranso pa shopu panu.

Achimwene, chitani chonchi. Lowani pa site ya iLoveIMG kapena ya CloudConvert, mukweze zithunzizo musankhe JPG. Ikakufunsani za quality muyike yapamwamba. Musasankhe PNG pa zithunzi za anthu, fayilo imatupa kwambiri koma maso sawona kusiyana kulikonse.

Wa pafupi ndi depoti, Kasungu: Zikomo mayi. Koma zilipo zambiri ndithu, bandulo siyitha?

Mayi wa studio ku Nkhamenya: Imapita ndithu, chifukwa mumalipira kawiri, pokweza ndi potsitsa, ndipo JPG yotulukayo nthawi zambiri imalemera kuposa HEIC yomwe munakweza. Muwafunse mayiwo asankhe kaye zomwe akufunadi, osakweza zonse ngakhale zija munthu anatsinzina. Mtengo wa data muwuike mu bilu, osachita manyazi.

Aphunzitsi a kompyuta, Mtunthama: Ine ndili ndi maganizo ena. Bwanji ntchitoyo asagwire mwini iPhone? Alamuwo asunge zithunzizo mu Files, asindikize chithunzi kwa kanthawi, pabwera Quick Actions kenako Convert Image, asankhe JPEG ndipo pa size asiye Original. Akatero atumizenso ngati document. Inu mungotsitsa kamodzi basi. Muwawuzenso kuti tsiku la ukwatilo asanayambe kujambula alowe mu Settings, Camera, Formats aike Most Compatible, foni iziyamba kusunga JPG yokha. Koma dziwani kuti zimenezi zimagwira pa zithunzi zatsopano zokha, zakale zimakhalabe HEIC.

Ndipo tonse amene tili ndi ma shopu, tsitsani GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, tsiku lomwe netiweki ili bwino. Ndi yaulere, imatsegula HEIC ndi WebP yomwe popanda intaneti. Kuno netiweki ikathawa kasitomala sakudikira.

Mnyamata wa ku Santhe: Eee ndaphunzirapo aphunzitsi. Nanga ija ya WebP ndi chani, ndikatsitsa zithunzi pa intaneti zimabwera choncho

Aphunzitsi a kompyuta, Mtunthama: Imeneyo ndi ya Google, inatuluka mu 2010, anaipangira mawebusayiti kuti azitseguka msanga. Imasinthika chimodzimodzi, koma zithunzi za pa webusayiti kawirikawiri zimakhala zazing'ono kale ndiye usayembekezere zambiri ukaprinta.

Madala a zidindo, Chinkhoma: Ndalowa mochedwa koma pali chimodzi sindinachione apa. Zithunzi za chinkhoswe kwezani, palibe vuto lalikulu mwini wake akavomera. Koma anyamata inu mwazolowera kukweza chilichonse, chitupa cha unzika, satifiketi ya MSCE, makalata a kuchipatala, zonse mukuponya pa ma site amenewa kuti zisanduke JPG kapena PDF. Fayilo ija imachoka pa kompyuta yanu nkupita pa kompyuta ya anthu ena kunja uko, amalemba kuti amafufuta pakapita maola angapo koma inu simungakaone. Munthu wakupatsani chitupa chake chifukwa wakukhulupirirani. Zoterezo muzisintha pa kompyuta panu pomwepo, ndipo mukamaliza muzifufute mu folda ya Downloads. Chinanso zithunzi za pa foni nthawi zina zimanyamula malo amene munthu anajambulira ngati location inali yoyatsa, ndiye tizisamala.

Wa pafupi ndi depoti, Kasungu: Zoona madala, tamva. Alamuwo sakuyankha foni, ali ku ntchito, ndiye ndayamba ndi site ija. Za mu album zatuluka bwinobwino. Koma pali kena, mayiwo anabweretsanso ka maluwa kozungulira chithunzi ka WebP, ndakasintha kukhala JPG ndipo pakati pamene pamayenera kuoneka anthu pangodzaza zoyera, kakuphimba chithunzi chonse

Mayi wa studio ku Nkhamenya: JPG siidziwa malo owonekera, pamene panali popanda kanthu imathirapo zoyera, pena zakuda. Bwererani ku WebP yoyamba ija musinthe kukhala PNG, apa ndiye PNG ndi mwini ntchito, ma logo, zidindo, ma frame, zonse zofuna kukhala pamwamba pa chithunzi china. Osatenga JPG yoyera ija nkuisandutsa PNG ayi, zoyerazo zalowa kale sizichoka.

Tsono musanapite nayo ku makina a banner, dinani kumanja pa chithunzi chachikulucho, Properties, Details, muwone ma pixel. Kamera ya 12 megapixel imapereka 4032 x 3024. Ma site ena amachepetsa osakuwuzani. Ngati ma pixel ali 4032 x 3024, pa 100 dpi (timadontho 100 pa inchi iliyonse) mupeza chithunzi cha pafupifupi mita imodzi m'litali ndi masentimita 77 m'lifupi, ndipo banner anthu amaionera patali ndiye ikwana bwino. Kusintha format sikuwonjezera pixel ngakhale imodzi, zomwe zinalowa ndi zomwe zimatuluka, kapenanso kuchepako. Komanso musamangoisunga JPG mobwerezabwereza, nthawi iliyonse imataya kenakake, muzisunga HEIC yoyamba ija pambali.

Wa pafupi ndi depoti, Kasungu: Frame yakhala bwino, anthu akuoneka. Zithunzi zonse zili 4032 x 3024 kupatula chimodzi, ndipo ndi chomwecho mayiwo akuchifuna pa banner, chili ndi ma pixel ochepa kwambiri. Chikuoneka kuti chimenechi chinabwera ngati chithunzi wamba osati document

Aphunzitsi a kompyuta, Mtunthama: Ndiye WhatsApp inachifinya kale chimenecho, palibe site yomwe ingabweze zomwe zinatayika. Dikirani alamuwo aweruke atumize choyambirira ngati document. Lero ndi Lachitatu, nthawi ilipo.

Madala a zidindo, Chinkhoma: Chikafika muyambe mwaprinta kachidutswa ka nkhope pa A4 mu saizi yeniyeni ya banner, mayiwo aone mtundu wa chitenje ndi khungu avomereze, kenako muwononge material.

Wa pafupi ndi depoti, Kasungu: Ndawasiyira voice note alamuwo, mayiwo abwera mawa 10 koloko kudzaona ka A4 kaja. Zikomo nonse