Ndisamuke kapena ndikhale? Nyumba yathu ku Cairo anthu akuithawa

Wophunzira wa ku Cairo: Abale anga, ndigawireni nzeru. Ndikuphunzira ku yunivesite ya Chisilamu ya Al-Azhar, ndipo ndimachita lendi chipinda ku Nasr City. Mwana wamkazi wa eni nyumba anadwala korona, anagonekedwa m'chipatala, ndipo anachira. Koma chibwerereni, mlonda wa pageti anasiya kudzatenga zinyalala zathu, wogulitsa buledi amati ndalama tiziika pansi, ndipo akuchimuna athetsa chitomero, ati mtsikanayo sadzabereka. Bambo ake, munthu wamkulu woti anapita ku Hajj, andipempha misozi ili m'maso kuti wina akafunsa ndiziti chinali chimfine. Ine bodza sindifuna. Komanso mnzanga wogona naye chipinda wathawa osalipira gawo lake, watenga ndi ketulo yanga, ndalama ya sukulu yachedwa, malume ku Mangochi akungoimba kuti nditumize ya feteleza. Mutu wanga sukugwira. Ndisamuke?

Mayi a Shukurani: ASIYENI! Naonso alaweko kusalidwa. Ine ku Oman ndinkadyera mbale yangayanga, kapu yangayanga, pomwe sindinkadwala kanthu. Pasipoti anandilanda tsiku lomwe ndinafika. Lero mukufuna ndimvere chisoni Mluya?

Namwino wa ku Leeds: Achimwene, mtsikanayo anayamba liti kudwala? Nanga inuyo munayezetsa? A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ananena mu May 2020 kuti pakatha masiku 10 chiyambire zizindikiro, kuonjezerapo ena 3 munthu ali bwinobwino, akhoza kusakanikirana ndi anthu.

Che Jafali: Nkhani ya ketulo ndiye yandikhudza. Mnzanuyo ndi wa boma liti?

Shehe wa ku Mpondasi: Mwana wanga, khala pomwepo. Mu April 2020, m'mudzi wa Shubra al-Bahou m'chigawo cha Daqahliya ku Egypt konko, anthu anatchinga msewu kukana kuti dokotala wamkazi amene anafa ndi korona aikidwe kumanda. Apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, namanga anthu 23. Mkulu wa Al-Azhar komwe ukuphunzirako, Ahmed el-Tayeb, anadzudzula poyera kuti zimenezo n'zosemphana ndi chipembedzo. Pita kwa imamu wa mzikiti wanu, akalankhulepo pa Ijumaa. Kunama usaname, ungoti nkhani ya m'nyumba ya eni suikamba.

Mayi a Shukurani: A Shehe, pepani ndithu, koma ife tikulira ku Oman maimamu amenewo anali kuti? Mnzanga anadwala malungo, madamu anamutsekera m'chipinda cha makina ochapira.

Bambo Phiri, Joni: Mayi, zimene munaona n'zowawa, koma mtsikana wa ku Egypt walakwa chiyani? Oman ndi dziko lina. Mchemwali wanga atapezeka ndi HIV mu 1999, kumudzi kwathu komwe anamupatulira mbale. Amenewo sanali Aluya.

Mayi a Shukurani: Inu Bambo Phiri munagwirapo ntchito ya m'nyumba? Ngati ayi, khalani chete. ONSE NDI AMODZI.

Anaphiri: Wiritsani masamba a bulugamu ndi ndimu, mufundire bulangete, nyumba yonse.

Namwino wa ku Leeds: Zofundirazo sizipha kachilomboka. Ndipo zoti wochira korona sabereka, akuchimunawo azitenga kuti? Banjalo likapemphe kalata yotulutsira wodwala kuchipatala, liionetse kwa mlonda ndi kwa oyandikana nawo. Achimwene, funso langa lija simunayankhe.

Che Jafali: Chitomero chatha, mnyamata ali m'nyumba momwemo, akuti mutu sukugwira. Ife tamva kale.

Wophunzira wa ku Cairo: Che Jafali, musaseke, mtsikanayo sakutuluka m'chipinda, chakudya akungochiyang'ana. Zikomo a Shehe, ndipita kwa imamu. Mnzangayo ndi wa ku Machinga, ndipo foni yanga sakuyankha.

Mayi a Shukurani: Samukani basi. Tsiku lina mukadzatsokomola inuyo, Hajj yemweyo adzakuponyerani katundu panja, mudzandikumbuka.

Bambo Phiri, Joni: Akasamuka, anthu adzati ngakhale mlendo wathawa, ndiye kuti matenda akadalimo m'nyumbamo. Mayi, mukufuna banjalo lithere pomwepo?