Kathirakitala kotchetchera kapinga kakufooka injini ikatentha, thandizeni

mlonda_ulongwe:
Moni nonse. Ndimasamalira bwalo la tchalitchi kuno ku Ulongwe m'boma la Angonia, tili ndi kathirakitala kotchetchera kapinga ka injini ya Briggs & Stratton ya silinda imodzi. Mmawa kamalira bwinobwino ndithu, koma ndikangotchetcha mphindi 20 kapena 25 mphamvu imayamba kutha, kamachita ngati katsamwa, kenako zii kazima. Ndikadikira theka la ola kamadzukanso ngati palibe chachitika. Vela (pulagi yoyatsa moto mu injini) ndaika yatsopano, fyuluta ya mpweya ndatsuka, gazolina ndimagula pa bomba osati wa mmabotolo uja. Ndi mvula ya Febuluwale ino udzu sukudikira munthu, ndipo Lamlungu kuli ukwati. Ndiyambire pati?

wa_ku_tsangano:
Achimwene yambani ndi zaulere. Kakangoyamba kufooka masulani chitsekerero cha thanki, mukamva kuti psii ndiye kuti kabowo kolowera mpweya katsekeka, ndiye mafuta satsika. Ine mota yanga yothirira mbatata inandizunza choncho mwezi wathunthu.

mekaniko_moatize:
Zomwe anena a ku Tsangano nzoona, yesani kaye zimenezo. Koma ine mtima wanga uli pa kutentha kwenikweniko. Injinizi zilibe madzi, zimazizira ndi mphepo basi, ndiye chotsani chivundikiro cha pamwamba chija muone timapiko ta pa silinda, nthawi ya dzinja udzu wauwisi umamatirira pamenepo ndi matope mpaka kuuma gwaa, ndipo makoswe amakonda kumanga chisa momwemo, kuno ku Moatize komwe dzuwa limafika madigiri 40 injini yotero siichedwa kupsa, kwanuko kuzizira kwa ku Angonia ndiko kwakhala kukukubisirani vutoli.

Mukapeza kuti nkoyera, ndiye bobina, koyilo yomwe imapanga moto wopita ku vela. Bobina yotopa imapereka moto ili yozizira, ikatentha waya wa mkati amalekana moto nkuthawa. Muyese nthawi yomweyo kangozima, osadikira: chotsani vela, igunditseni pa chitsulo cha injini, wina alize. Osagwira ndi manja chonde, ndipo gazolina akhale kutali. Moto ukasowa kapena ukakhala wofooka, yagwa ndi bobina. Poika ina, mpata wa pakati pa bobina ndi maginito ukhale ngati 0.3 mm, ena timangoyezera kakhadi kopyapyala.

Mavavu, titseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya mu silinda, ndi omaliza. Mpata ukachepa, chitsulo chikafufuma ndi kutentha vavu siitseka bwino, kompuleshoni nkutayika. Amenewo amayezedwa injini ili yozizira, ndipo ngati simunagwirepo pitani nako kwa amisiri. Oilo munaona? Akachepa nayenso amatenthetsa.

mlonda_ulongwe:
Bambo a ku Moatize mwalasa. Chitsekerero chilibe vuto, koma nditatsegula chivundikiro ndapeza chisa chathunthu, udzu, tizidutswa ta saka, ngakhale zitsononkho za chimanga, poti timakasunga pafupi ndi nkhokwe. Ndachotsa zonse ndi kawaya ndi bulashi, oilo analinso pansi pa mzere ndawonjezera. Masana ano ndatchetcha ola limodzi ndi theka osazima. Kungoti chakumapeto kanakhosomola kawiri pokwera kamtunda ka kuseri kwa holo, sindikudziwa ngati ndi bobina ija yayamba.

mekaniko_moatize:
Mwina inawauka ndi kutentha kwa masiku onsewa. Mawa tengani sipanala ya vela mthumba, kakazima muyese pompo mutiuze. Ndipo kachotseni pafupi ndi nkhokwepo.